Kunsi kwa Phiri la Potosi

Pakamwa pa mgodi pali mtanda wamatabwa,
utoto wake ukusuwa ndi mphepo.
Anthu kuno amati Mulungu amathera pomwepo,
amati kunsi kuli mwini wake wina,
uja timamutcha Malume, wadongo, wanyanga ziwiri,
amene amamuyatsira ndudu pakamwa
ndi kumuthirira mowa kumapazi.

Ine sindimuyatsira. Anzanga amandiyang'ana cham'mbali.
Koma musandiyese wolimba mtima:
ndikamadutsa pamene wakhalapo, phazi limafulumira lokha.

Chaka chatha, mwezi wa Ogasiti, denga linagwa.
Casiano, mng'ono wanga, anali patsogolo panga mapazi khumi okha.
Ndinamva kaye timchenga tikugwera pachipewa,
tho, tho, ngati mvula ikuyesa dala,
kenako phiri linatsokomola kamodzi.
Tinamufukula ndi manja mpaka zikhadabo zinatha.
Nyali yake inali ikuyakabe.

Kuyambira pamenepo mantha anasamukira kwathu.
Amadzuka ine ndisanadzuke,
amandidikira m'kati mwa nsapato,
amamwa nane tiyi m'kapu imodzi.
Eulalia amandiikira masamba a koka m'kathumba,
sanena kanthu,
amangowongola kolala yanga kawiri
ngakhale ili yowongoka kale.

Ndinapita kwa Abusa Huallpa,
amene mapapo awo anadzala fumbi la phiri lomweli.
Ndinati, "Ngati ndili ndi chikhulupiriro,
bwanji maondo anga akuombana chonchi?"
Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinadikira mawu akuluakulu.
Anangoti, "Maondo ndi maondo, Fermin, asiye aombane.
Koma mawa ulowa ndi ndani?"
Ndinabwerera kunyumba nditakwiya.

Lachinayi lapitali nyali yanga inazima
ndili ndekha, chokwawa, m'mpata wopapatiza ngati bokosi.
Mdima wa kumeneko suli ngati wa usiku.
Usiku uli ndi agalu, uli ndi nyenyezi.
Uwu umamatira m'maso ngati nsanza yonyowa,
umakumvetsa mtima wako womwe ukugunda m'makutu.
Mapemphero onse amene ndinaloweza ndili mwana anathawa,
mavesi anabalalika ngati mbewa.
Linatsala dzina lokha.
Ndinalitchula: Yesu.
Ndinalitchulanso, lilime litauma gwa.

Kuwala sikunabwere, sindikunamizani.
Sindinamve mawu alionse.
Ndinangokumbukira kuti Iyenso anagonekedwa m'thanthwe,
mwala waukulu utatseka pakhomo,
kuti kuzizira kwa kunsi amakudziwa,
kuti sanathere pamtanda paja
monga amanenera anzanga.
Anatsika pamtandapo nkulowa pansi
ine ndisanabadwe, phiri lino lisanabooledwe.

Ndinapapasa mpaka ndinagwira njanji ya ngolo.
Ndinaitsata, chikhatho ndi chikhatho, bondo ndi bondo,
ndikunjenjemerabe, mamina ndi misozi zitasakanikirana ndi fumbi,
mpaka ndinamva Remigio akutukwana wilibala yake
ndipo kutukwanako kunandikomera ngati nyimbo ya kwaya.

Pali chimene sindichimvetsa, ndipo sindichibisa.
Casiano ankapemphera kuposa ine.
Ndiye ankaimba tikamalowa, ine ndikungoyasamula.
Ndamufunsa Mulungu za iye, mokweza mawu,
ndili pabwalo usiku, chisanu chikuluma makutu.
Sanandiyankhe.
Sanandithamangitsenso.

Kale ndinkayesa chikhulupiriro ndi mzati
woletsa denga kuti lisagwe.
Mizati imathyoka, ndaiona.
Tsopano ndikuganiza kuti ndi kanjanji kaja,
kozizira, kadzimbiri, kosaoneka mumdima,
kamene wina anayala ine ndisanafike
ndipo kamatulukira kwina kwake kuli mpweya,
kaya mbali ino, kaya mbali ina ija
kumene Casiano anazimitsa nyali yake poona kuti sikufunikanso.

Mawa ndi Lolemba.
Nilda akufuna nsapato za kusukulu,
ngongole ya kugolosale yafika tsamba lachitatu.
Ndidzagwira mtanda uja ndi zala ziwiri, ndi kuwerama, ndi kulowa.
Mantha adzalowa nane, ndikudziwa, sandisiya.
Koma sitidzakhala awiri okha.